Kusamala Chilengedwe M'nyumba ya Lendi

Mabanja ambiri amene amadzaza mabenchi a tchalitchi Lamulungu lililonse muno mu Blantyre amagona m'nyumba za eni. Ena ali m'zipinda ziwiri za pa mdadada ku Ndirande, Bangwe kapena Chirimba, ena m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba yaikulu, enanso m'nyumba yabwino ndithu ya mpanda, koma onsewa mwezi ukatha amapereka lendi. Nkhani yosamala chilengedwe ikayamba, kaya pa wailesi kaya ku mphakati, munthu wa lendi amakhala ndi yankho lokonzeratu: nyumba si yanga. Ndipo sakunama. Sangaboole khoma kuti aike zenera, sangasinthe denga, sangakumbe pabwalo popanda kupempha, ndipo mwezi wamawa akhoza kupatsidwa notisi.

Komabe munthu akakhala pansi n'kuwerenga zimene zimalowa ndi kutuluka m'nyumba tsiku ndi tsiku, apeza makala, magetsi, madzi ndi zinyalala. Zonsezi zimadutsa m'manja mwa wokhala m'nyumbamo. Khoma ndi denga zinamangidwa kamodzi, pamene mbaula imayatsidwa katatu pa tsiku, chaka chonse. Ndiye kuti gawo lalikulu la zimene nyumba imachita ku nkhalango, ku mitsinje ndi ku mpweya lili ndi wa lendi, ndipo ndalama zimene zimawonongeka nazo ndi zake zomwe.

Mu 2015 Papa Francis analemba kalata yotchedwa Laudato Si', yonena za kusamala dziko ngati nyumba ya anthu onse. M'kalatamo sanalankhule kwa maboma okha. Anatchulanso tinthu ta pakhomo monga kuchepetsa mapulasitiki, kusamala madzi, kupatula zinyalala, kuphika chakudya chokwanira odya, kuthimitsa magetsi osafunika ndi kudzala mitengo. Pafupifupi tonseto munthu angathe kuchita wopanda poloti. Mpingo umakumbukira nkhaniyi mwapadera kuyambira pa 1 Seputembala mpaka pa 4 Okutobala, tsiku la Francis Woyera wa ku Assisi.

Mbaula

Poyambira penipeni ndi pa moto wophikira, chifukwa ndi pamene banja la m'tauni limakhudza nkhalango. Pootcha makala mwa njira yozolowereka, younjika nkhuni n'kuzikwirira ndi dothi, pamapita makilogalamu 5 a nkhuni kapena kuposerapo kuti patuluke kilogalamu imodzi ya makala. Thumba limene laima pakhonde lija linali mulu waukulu wa mitengo yachilengedwe, ina yomwe inatenga zaka makumi kuti ikule.

Makala ambiri a mu Blantyre amabwera kuchokera cha ku Neno, Mwanza ndi Zalewa, madera amene madzi ake amathera mu Shire. Mitengo ikatha, mvula imakokolola dothi n'kukalitsira mumtsinjemo. Mu Shire momwemo ndi mmene muli makina a magetsi a EGENCO, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndiponso pa Walker's Ferry ndi pamene Blantyre Water Board imapopa madzi ambiri amene mzindawu umamwa. Matope ndi zinyalala zikadzaza polowera madzi, makina amaima. Magetsi akathima, mayi amene amaphikira hotipuleti amatulutsa mbaula, ndipo wootcha makala amadulanso mtengo wina. Anthu a ku Lilongwe ali ndi nkhani yofanana ndi nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera makala komanso mtsinje wa Lilongwe umene umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde.

Kuuza banja la lendi kuti lisiye makala mawa ndi kulankhula kwa munthu amene sanakhalepo ndi ana anjala magetsi atathima. Chimene chili chotheka ndi kuchititsa thumba limodzi kuti litenge masiku ambiri. Mbaula ya chitsulo chokhachokha imataya kutentha m'mbali monse, n'chifukwa chake miyendo ya wophika imapsa mphika usanawire. Mbaula yokhala ndi dothi lootcha m'kati imasunga kutenthako n'kukulozetsa ku mphika. Mtengo wake ndi wokwererapo, koma ndi katundu wa wa lendi, ndipo tsiku losamuka imakwera nawo galimoto. Kachitseko kake ka m'munsi kali ndi ntchito: kakhale kotsegula poyatsa, ndipo chakudya chikayamba kuwira katsekedwe kuti makala asanyeke msanga.

Zina ndi za chizolowezi chabe. Moto usayatsidwe tomato asanadulidwe ndi ufa usanayandikire. Mphika uliwonse ukhale ndi chivindikiro chokwana bwino. Mbaula ikhale pamalo posawomba mphepo kwambiri. Kuphika kukatha, makala otsala aikidwe m'chitini chokhala ndi chotsekera cholimba, azima okha posowa mpweya ndipo mawa ayakanso, kusiyana ndi kuwasiya kuti asanduke phulusa palibe chophika.

Nyemba ndizo zimamaliza makala m'nyumba zambiri. Zikaviikidwa m'madzi usiku wonse, nthawi yophika imachepa kwambiri. Kuwonjezera apo pali njira ya dengu, imene amayi ena anaiphunzira kale koma ambiri anaisiya. Pamafunika dengu kapena katoni yolimba, ndi bulangete lakale, nsanza zoyera kapena mapepala ambiri. Nyemba zoviikidwa ziwire bwinobwino pa moto kwa mphindi 20 kapena 30, kenaka mphika uchotsedwe uli wovindikira, uikidwe m'dengumo, ukutidwe pansi, m'mbali ndi pamwamba. Pakatha maola atatu kapena anayi nyembazo zimakhala zitafewa ndi kutentha kwawo komwe, ndipo chotsala ndi kuzikazingira. Mpunga umangofuna kuwira mphindi zisanu n'kukhala m'dengu theka la ola kapena kuposerapo pang'ono. Banja lingathe kuwiritsa nyemba m'mawa, kupita ku Misa, n'kuzipeza zitapsa popanda wina wotsala kuti azisonkhezera moto. Chinsinsi chake n'chakuti mphika usatsegulidwe pakati kuti munthu aonemo.

Pali chizolowezi chimodzi chimene chafala m'makomo ambiri ndipo n'chofunika kuchisiya lero lomwe: kuyatsira mbaula ndi jumbo. N'zoona kuti pulasitiki imagwira moto msanga, koma utsi wake ndi wa poizoni, ndipo amene amaupuma ndi mwana wotumidwa kukupiza moto kapena khanda limene lili kumbuyo kwa mayi ake. Timitengo touma, zitsononkho za chimanga ndi mapepala akale zimagwira ntchito yomweyo.

Chinanso chokhudza moyo ndi cha m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi. Makala oyaka amatulutsa mpweya wosaoneka ndiponso wosanunkha umene umapha munthu ali m'tulo. M'chipinda chimodzi cha lendi, chokhala ndi kazenera kamodzi kotseka, mpweyawu umadzaza msanga. Mbaula isagone m'nyumba ngakhale makala akuoneka ngati azima. Wina akayamba kumva mutu, chizungulire kapena nseru mbaula ili m'kati, zitseko zitsegulidwe, onse atuluke, ndipo wofooka apite naye kuchipatala.

Banja limene lingakwanitse lionjezere njira yachiwiri yophikira. Gasi ndi wodula pa tsiku logula silinda, koma safuna chilolezo choboola khoma ndipo amayaka magetsi atathima. Silinda iime chilili pamalo podutsa mphepo, ndipo polumikizira paipi pazipakidwa thovu la sopo nthawi ndi nthawi. Pakatuluka timathovu ndiye kuti gasi akutuluka. Kumene magetsi amapezeka, poto wa magetsi wophika ndi mphamvu ya nthunzi amafewetsa nyemba kawirikawiri osamaliza yuniti imodzi, pamene hotipuleti ya mawati 1,000 ikayaka maola atatu imadya mayunitsi atatu. Palinso makala oumbidwa kuchokera ku utuchi kapena mankhusu a mpunga, ndi makala ootchedwa ndi chilolezo cha boma kuchokera ku mitengo yodzalidwa. Lamulo la za nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020, ndipo makala opanda chilolezo ndi mlandu, ngakhale kuti m'misika ndi amene adakadzaza.

Mita imodzi, makomo asanu

Za magetsi zimayamba ndi masamu osavuta. Yuniti imodzi ya ESCOM ndi mawati 1,000 ogwira ntchito kwa ola limodzi. Babu lakale la mawati 60 likamayaka maola asanu usiku uliwonse limadya mayunitsi 9 pa mwezi. Babu la LED la mawati 9, lowala mofanana, limadya yuniti imodzi ndi kachidutswa. Nyumba ya mababu anayi imachoka pa mayunitsi 36 kufika pa ochepera 6. Wa lendi wanzeru amachotsa mababu amene anawapeza, n'kuwasunga m'katoni kuti adzawabwezeretse tsiku lotuluka.

Zodya magetsi kwambiri ndi zonse zimene zimatenthetsa: giza, hotipuleti, ketulo ndi simbi. Giza yosiyidwa usiku ndi usana imatenthetsa madzi amene palibe akusamba. Ketulo idzazidwe madzi okwanira makapu amene akufunika, ndipo otsala athiridwe mu fulasiki. Zovala za sabata yonse zisitidwe nthawi imodzi. Firiji isagunde khoma, isalandire chakudya chotentha, ndipo mphira wa pa chitseko chake ayesedwe ndi pepala: pepala lopanidwa ndi chitseko likasololoka mosavuta, kuzizira kukuthawira pomwepo.

Koma zonsezi zimagwira mtima pokhapokha ngati munthu ali ndi mita yakeyake. Pa mapoloti ambiri makomo anayi kapena asanu amadalira mita imodzi, ndipo ndalama ya mayunitsi imagawidwa mofanana pa khomo lililonse. Apa ndi pamene pali vuto lenileni la nyumba za lendi. Taganizirani mtsikana wogwira ntchito m'sitolo amene ali ndi mababu awiri a LED ndi foni: pa mwezi sakwanitsa ngakhale mayunitsi 5. Khomo loyandikana nalo lili ndi hotipuleti yoyaka maola awiri pa tsiku, amene ndi mayunitsi 60, osawerengera simbi ndi firiji. Onse akapereka mofanana, mtsikanayo akulipirira nyemba za anzake. Choipa kwambiri n'chakuti pa dongosolo lotere palibe amene amaona phindu la kusamala. Wothimitsa babu sapeza kanthu, wosiya hotipuleti ikuyaka sataya kanthu, ndipo mayunitsi akatha pakati pa mwezi aliyense amaloza chala mnzake. Mikangano yambiri ya pa poloti, imene imafika mpaka poti anthu opemphera mphakati umodzi osapatsana moni, imayambira pa mita.

Njira yachilungamo ilipo, ngakhale imafuna kuleza mtima. Makomo onse akhale pansi, makamaka alandilodi alipo, n'kulemba zipangizo za m'nyumba iliyonse. Mawati a chipangizo chilichonse amalembedwa pansi kapena kumbuyo kwake. Mawatiwo akachulukitsidwa ndi maola amene chimayaka pa mwezi, n'kugawidwa ndi 1,000, zimapereka mayunitsi. Palibe amene angapeze nambala yeniyeni mpaka kumapeto, koma aliyense aona kuti wa mababu awiri ndi wa hotipuleti sangapereke mofanana. Kumene anthu agwirizana, mita yaing'ono yowerengera khomo lililonse imathetsa mkangano wonse. Iikidwe ndi mmisiri wodziwa za magetsi, mwini nyumba atavomera, ndipo mita ya ESCOM yeniyeniyo isakhudzidwe. Kulumikiza mawaya mozemba ndi kuba, komanso ndi kumene kumayambitsa moto m'midadada mmene nyumba zinagundana.

Kanyali ka sola kokhala ndi potchajira foni n'kothandiza masiku a kuthimathima, ndipo kamachotsa makandulo amene aotcha makatani ambiri.

Madzi

Madzi a Walker's Ferry amakwezedwa ndi mapampu a magetsi kuchoka m'chigwa cha Shire mpaka pamtunda pamene pali mzindawu, ulendo wa makilomita makumi angapo. Ndowa iliyonse yotayika ndi madzi ndiponso magetsi. Mpopi wodontha umaoneka ngati kanthu kochepa mpaka munthu atauyesa. Kapu ya mamililita 250 ikaikidwa pansi pake n'kudzaza pa ola limodzi, ndiye kuti pa tsiku pakutayika malita 6, pa mwezi malita 180, zomwe ndi ndowa zisanu ndi zinayi za malita 20. Nthawi zambiri chofunika ndi washala watsopano basi. Kudontha kobisika kumadziwika powerenga mita usiku onse atatseka mipopi, n'kuiwerenganso m'mawa wina asanatunge. Manambala akasuntha, pali paipi yoboola kapena thanki ya chimbudzi imene ikutaya madzi mwakachetechete.

Madzi otsukuluzira zovala ndi abwino kukolopera, kuthira m'chimbudzi ndi kutsirira pabwalo kuti fumbi ligone. Otsukira mpunga ndi masamba apite ku mbewu. Ochapira matewera okha apite m'chimbudzi, osati pa ndiwo kapena m'ngalande mmene ana amasewera.

Denga la malata ndi chitsime chimene ambiri sachiwerengera. Mvula ya mamilimita 10 ikagwa pa denga la masikweya mita 30 imapereka malita 300, ndowa 15. Ngakhale popanda gatala, diramu kapena mabeseni oikidwa pamene madzi amatsikira amakolola okwanira kuchapa. Madzi oyamba asiyidwe apite chifukwa amatsuka fumbi ndi zitosi za mbalame. Diramu ikhale yovindikira nthawi zonse, poopa udzudzu komanso ana aang'ono amene angagweremo. Madzi otere asamwedwe osawiritsa kapena kuthira mankhwala.

Zinyalala ndi dimba la m'thumba

Aliyense amene anaima pa mlatho wa Mudi kapena Nasolo mvula yoyamba itagwa anaona kumene zinyalala za m'makomo zimathera. Galimoto za khonsolo zopita kudzala la ku Mzedi sizifika m'tinjira tambiri ta m'makwalala, choncho anthu amataya m'ngalande usiku kapena kuotcha. Ngalande yotsekeka imabweza madzi m'nyumba za anthu a kumunsi, ndipo madzi osakanikirana ndi zonyansa ndiwo njira ya kolera. Mliri umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe inali m'gulu la madera okhudzidwa kwambiri.

Munthu akakhuthula bini yake n'kuyang'anitsitsa, apeza kuti zambiri ndi zoola: makoko a nthochi ndi mbatata, mapesi a masamba, zikhokho, masamba a tiyi. Zimenezi ndi manyowa. Chidebe chakale chobooledwa pansi ndi m'mbali, kapena thumba la saka, chimakwana pakona ya kuseri. Zoola zisanjikizidwe ndi masamba ouma kapena mapepala ong'ambidwa, kadothi pang'ono ndi phulusa lochepa, n'kumazitembenuza kamodzi pa sabata. Nyama, nsomba ndi nsima yotsala zisalowemo chifukwa zimaitana makoswe, ndipo makoswe ndi amene angachititse alandilodi kuletsa zonse. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu pamakhala dothi lakuda losanunkha.

Dothilo likasakanizidwa ndi la pabwalo n'kuthiridwa m'thumba la makilogalamu 50, pakati pake pataikidwa mzere wa timiyala woti madzi azitsikiramo, limasanduka dimba. Mbande zimadzalidwa pamwamba ndi m'mabowo a m'mbali. Mpiru, repu, bonongwe ndi anyezi wa masamba zimachita bwino pamalo pofika dzuwa. Matumba atatu kapena anayi sangadyetse banja chaka chonse, koma amachotsa masiku angapo pa sabata ogula masamba, ndipo sanakumbe dothi la mwini.

Za majumbo, boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, ngakhale kuti milandu inapitirirabe pambuyo pake. Banja siliyenera kudikira makhoti. Dengu kapena chikwama cha nsalu popita kumsika, botolo lakelake pokagula mafuta ophikira oyeza, kontena pokagula chiwaya, zimachepetsa majumbo olowa m'nyumba. Mabotolo ali ndi owafuna, zitsulo zili ndi ozigula. Mabatire, magalasi osweka ndi matewera ogula asaponyedwe m'chimbudzi chokumba. Sizivunda, zimadzaza dzenje msanga, ndipo pa poloti yothinana malo okumba china kulibe.

Kukaonana ndi alandilodi

Pali zinthu zimene wa lendi sangazichite yekha: kukonza paipi, kuika gatala, kutsegula kazenera ka utsi kukhitchini, kudzala mtengo. Ambiri amaopa kuzitchula pa zifukwa ziwiri, ndipo zonse n'zomveka. Choyamba, wodandaula kawirikawiri amauzidwa kuti ngati nyumba sakuifuna pali ena akuidikira. Chachiwiri, amene wakonza nyumba ya mwini ndi ndalama zake nthawi zina amadzuka lendi itakwera chifukwa nyumbayo tsopano ikuoneka bwino.

Nthawi yabwino yolankhula ndi tsiku lopereka lendi, ndalama ili m'manja, osati pakati pa mkangano wa bilu. Pempho likhale ndi mtengo wake komanso phindu la mwini nyumba. Wa lendi angathe kunena kuti: "Mayi, pepani ndakusokonezani. Mpopi wapanja uja ukudontha usiku ndi usana, ndipo madzi ayamba kulowa pansi pa khoma. Ndafunsa kale mtengo wa washala ndi wa mmisiri. Mukalola ndikonzetsa ndi ndalama zanga, ndiye tidzachotsere pa lendi ya mwezi wamawa." Alandilodi ambiri amamva msanga akauzidwa za khoma lawo kusiyana ndi za bilu ya wina. Zimene agwirizana zilembedwe, ngakhale m'kope momwe mumalembedwa lendi kapena mu uthenga wa pa foni, ndipo malisiti asungidwe. Pa ntchito yaikulu pakhale mboni, ndipo zimveke poyambirira ngati chinthucho chidzatsale kapena chidzachotsedwe.

M'mabenchi omwewo a tchalitchi mumakhalanso alandilodi, ndipo mbali yawo ndi yolemera kuposa mmene ena amaganizira. Nyumba yomangidwa ndi kazenera kamodzi, yopanda polowera mphepo, imakakamiza banja kuyatsa babu masana ndi kupuma utsi. Poloti ya makomo asanu ndi limodzi yokhala ndi chimbudzi chimodzi, yopanda malo otayira zinyalala, imatumiza anthu ku ngalande. Kudula mtengo womaliza wa pabwalo kuti pakwane chipinda china cha lendi ndi phindu la mwezi uno, koma mu Okutobala malata opanda siling'i amasandutsa zipindazo uvuni. Mita ya khomo lililonse, gatala, ndi kusakweza lendi chifukwa cha zimene wa lendi wakonza yekha, ndi zinthu zimene mwini nyumba angachite popanda kusauka.

Mtengo ndi pempho lovuta chifukwa umakhala nthawi yaitali kuposa pangano la lendi. Papaya amabereka chaka chisanathe kapena chitangotha, chamwamba chimakula msanga ndipo masamba ake ndi ndiwo, choncho wodzala amadya nawo. Magalagadeya oyanga pa timitengo kutsogolo kwa zenera la kumadzulo amatchinga dzuwa la masana osakhudza khoma. Mango kapena mapeyala akhoza kudzadyedwa ndi banja lina, monganso ambiri akudya lero za mitengo imene anaipeza. Uliwonse udzalidwe patali ndi maziko, mapaipi ndi dzenje la chimbudzi, ndipo bulugama asayandikire nyumba. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba mu Disembala mpaka mu Epulo.

Posankha nyumba ndi potuluka

Ufulu waukulu wa munthu wa lendi uli pa tsiku limene sanapereke ndalama. Pamenepo angathe kufunsa ngati mita ndi ya khomo limodzi, kuona ngati mazenera amayang'anana kuti mphepo izidutsa, kuyang'ana m'munsi mwa makoma ngati muli mzere wa chinyezi, ndi kufunsa oyandikana nawo kumene madzi amapita mvula ikagwa yambiri. Nyumba yodulirapo pang'ono koma yapafupi ndi ntchito kapena sukulu nthawi zina imatsika mtengo munthu akawerengera za minibasi.

Funso la kumene madzi amapita si lamasewera muno mu Blantyre. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa. Nyumba za pa mtsetse wa phiri lopanda mitengo ndi za m'mphepete mwa mtsinje zimatsika lendi, n'chifukwa chake osauka ndi amene amakhalamo. Kuwauza kuti asamuke n'kosavuta kwa munthu wokhala pabwino. Apa mphakati uli ndi ntchito yooneka ndi maso: kudziwa mabanja ake amene ali m'malo oopsa, kudziwitsana nyumba yabwino ikapezeka, kuthandizana ndalama yolowera, ndi kugwirizana mvula isanayambe za kumene banja lotere lingathawire usiku chenjezo likaperekedwa.

Tsiku lotuluka, mababu a LED abwerere m'katoni ndipo akale abwezeretsedwe m'malo mwake. Mbaula, silinda, diramu, dengu la nyemba, kanyali ka sola ndi matumba a ndiwo zikwere galimoto pamodzi ndi mipando. Mita ya madzi ndi ya magetsi ziwerengedwe alandilodi akuona, manambala alembedwe. Zinyalala za posamuka, nsanza, mapulasitiki ndi mipando yothyoka, zisaunjikidwe kuseri kapena kuotchedwa pabwalo pomwe ana a makomo ena akusewera. Manyowa amene sanakwane m'galimoto aperekedwe kwa wa khomo loyandikana amene ali ndi thumba lake la mpiru.